Mafelemu a aluminiyamu a zithunzi zanga: pomwe ntchito yafika

Lolemba

Zithunzi zonse zatha kusindikizidwa ndipo zili m'bokosi, chilichonse chagona pa pepala lake lopyapyala. Zilipo za magulu awiri. Gulu lalikulu ndi la zakuda ndi zoyera, zotsukidwa m'chipinda chamdima pa pepala lazithunzi lokhuthala lotchedwa baryta, chilichonse masentimita 30 m'lifupi ndi 45 m'litali. Gulu linalo ndi la zamitundu, zitatu zokha koma zikuluzikulu, 60 x 90, zosindikizidwa ndi inki ya pigment pa pepala la thonje. Chatsala ndi mafelemu, ndipo ndatsimikiza kuti akhala a aluminiyamu.

Zifukwa zake si zambiri. Thabwa lili ndi asidi amene amatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake osamala zithunzi amayamba amata mkati mwa felemu yathabwa kuti asidiyo asafike pa pepala. Aluminiyamu alibe vuto limenelo, sapindika ndi chinyezi, ndipo chiswe sichimudya. Felemu yake imamasulidwa ndi sikuludiraiva basi, ndiye tsiku lina ndikatopa ndi chithunzi china ndidzangochotsa mbali imodzi n'kulowetsamo chatsopano. Mafelemu opyapyala otere si a dzulodzulo ayi. Robert Kulicke wa ku New York anapanga felemu ya aluminiyamu yowotcherera m'makona m'zaka za m'ma 1950, yoti nyumba yoonetseramo zaluso ya mumzindawo, Museum of Modern Art, izigwiritsa ntchito pa zionetsero zoyendayenda, ndipo m'ma 1960 kunabwera ya ndodo zinayi zolumikiza ndi masikuluwu, imene ndikufunayi.

Ndodo zimenezi amazipanga pokankha aluminiyamu wotentha, nthawi zambiri wa mtundu wa 6063, kuti atulukire pa chibowo chachitsulo chimene chili ndi kaumbidwe kofunikako. Mukaiyang'ana ndodoyo chakumapeto, pamene yadulidwa, mumaona zigawo zinayi. Kutsogolo kuli nkhope, imene munthu amaiona chithunzi chikapachikidwa. Nkhopeyo imapitirira pang'ono chamkati n'kukhala mlomo wogwira galasi. Kuseri kwa mlomo kuli mpata wolowamo galasi, chithunzi ndi zonse zochirikiza. Kumbuyo kwenikweni kuli kangalande kolowamo zitsulo za m'makona ndi zopachikira.

Anthu ambiri amayambira pa nkhope: yakuda kapena yasiliva, yozungulira kapena yafulati. Kumeneko ndi kugula nsapato poona mtundu, phazi osaliyeza. Ine lero sindinatsegule n'komwe tsamba la mitundu. Ndatenga pepala ndi kuwonkhetsa zimene zilowe mumpata wa felemu yaing'ono.

Galasi ndi mamilimita 2. Kuseri kwake kukubwera mat, katoni yolimba ija yobooledwa pakati kuti chithunzi chionekere, ndipo ndasankha yokhuthala imene amati 8-ply, pafupifupi mamilimita 3. Chithunzi chenichenicho sichifika theka la milimita. Katoni yogonapo chithunzi, ya 4-ply, ndi milimita imodzi ndi theka. Kumbuyo kukhala foam board, bolodi yopepuka ya fomu pakati, ya mamilimita 5. Zonse pamodzi zikufika mamilimita 12, ndipo pafunika kampata kena kotsala koti masipuling'i opanikiza alowe. Ndodo iliyonse ya mpata wosakwana 14 yagwa kale mayeso, kaya ndi yokongola chotani.

Wina anganene kuti ndichepetse mat ikhale 4-ply, kapena ndiichotseretu, zonse zikwane mu ndodo yopyapyala. Kuchotsa ndiye ayi. Pepala la baryta lili ndi gelatin pamwamba, khungu lopyapyala limene limasunga chithunzicho, ndipo kukachita chinyezi gelatin amafewa n'kumamatira ku galasi. Mukadzafuna kumatula, mbali ina ya chithunzi imatsalira pagalasipo, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa. Kuchepetsa kungatheke pa pepala logona bwino, koma baryta sagona bwino. Ngakhale mutamuumitsa mosamala chotani, amakhalabe ndi timafunde, ndipo pakati pa chithunzi cha 30 x 45 funde limodzi likhoza kukwera n'kukhudza galasi ngati mpata wake ndi milimita imodzi ndi theka yokha.

Lachinayi

Tizidutswa tachitsanzo ta ndodo tafika, ndipo ndatiyeza ndekha m'malo modalira manambala a m'buku la ogulitsa. Nambala imene imaoneka msanga m'mabuku amenewa ndi kutalika kwa ndodo yonse kuchokera ku khoma kufika pankhope, komatu mbali ina ya kutalika kumeneko yadyedwa ndi kangalande ka kumbuyo ndi kukhuthala kwa mlomo. Yofunika ndi imene yatsala pakati. Kachidutswa kamene ndinakakonda poyang'ana, kankhope kopyapyala kozungulira, mpata wake ndi mamilimita 9. Kachiwiri, ka nkhope yafulati ya mamilimita 8, mpata wake ndi 15. Kachitatu n'kakuya, mpata 25, ndipo makoma ake ndi okhuthala moti ndi zala zokha simungakapotoze.

Njira yoyesera ndi yachidule. Ndadula tizidutswa ta mat, katoni ndi foam board, ndatisanja pamodzi ndi kagalasi kotsala, n'kumakankhira mu chitsanzo chilichonse. M'koyamba sizinalowe. M'kachiwiri zalowa, mpata wa sipuling'i n'kutsala. Zithunzi zing'onozing'ono zatenga kachiwiri. Kachitatu ndikusungira zazikulu.

Ndayezanso mlomo, womwe ambiri sauganizira. Pa chitsanzo chachiwiri ukuphimba mamilimita 5. Nambala imeneyi idzafunika podula.

Za kukula kwa felemu sindinavutike. Mafelemu opangiratu amabwera pa miyeso yawo, monga 40 x 50 ndi 50 x 70, ndipo chithunzi cha filimu ya 35mm, chimene mbali zake zimayenda 2 kwa 3, sichikhala pakati mofanana m'miyeso imeneyo. Poti ndodo amadula pa muyeso uliwonse, ndasankha 50 x 65. M'mbali mat ikhala masentimita 10, pamwamba 9.5, pansi 10.5. Kupambanitsa pansi pang'ono n'kwakale ndithu mu ntchito imeneyi: malire onse akafanana ndendende, diso limaona ngati chithunzi chatsetsereka. Zazikulu zikhala 80 x 110.

Loweruka

Tsopano mtundu. Apa ndakhalitsa kuposa mmene ndimaganizira, chifukwa zinthu ziwiri zosiyana zimabisala pansi pa dzina limodzi lakuti "yakuda".

Ndodo zina ndi zopaka penti, zina ndi za anodizing. Pa anodizing ndodo amaimiza mu asidi n'kudutsitsamo magetsi, ndiye pamwamba pa aluminiyamu pamamera khungu lolimba lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Utoto umalowa m'timabowomo, kenako amatitseka. Choncho mtunduwo uli m'khungu la chitsulo chenichenicho, sukanuka. Penti amangokhala pamwamba, ndipo pamene amavulala msanga ndi pakona, pamene sowo yadutsa. Ndinatenga zitsanzo ziwiri zakuda, chimodzi cha mtundu uliwonse, n'kuzikanda kumbuyo ndi kiyi. Chapenti chinaonetsa mzere woyera nthawi yomweyo. Chinacho chinangosiya kachizindikiro kamene kanafufutika ndi chala.

Amene akufuna felemu yoyera alibe chosankha, chifukwa anodizing satulutsa mtundu woyera, ndiye zoyera zonse ndi zapenti. Ine zoyera sindikuzifuna, nkhaniyo yathera pomwepo. Chimene ndalemba kuti ndisaiwale ndi chakuti mtundu wa anodizing umatha kusiyana pang'ono pakati pa ndodo zomizidwa nthawi zosiyana. Pa felemu imodzi simungazindikire, koma zikandandalikidwa pakhoma limodzi diso limagwira. Ndiye ndodo zonse ndiitanitsa kamodzi, ndi ina yapadera.

Ndinayala zithunzi patebulo, mat pamwamba, n'kumaika zitsanzo m'mphepete, masana pafupi ndi zenera komanso madzulo nyali itayaka. Yasiliva yonyezimira inagwa msanga. Imatola kuwala kulikonse kwa m'chipinda, ndipo mzere wake umawala kuposa malo owala kwambiri a m'chithunzi, moti diso limathamangira kumphepete m'malo molowa mkati. Yakuda yonyezimira nayo chimodzimodzi, kungoti imachita mwakabisira. Zinatsala ziwiri: yakuda yosanyezimira ndi yasiliva yozizira ija yooneka ngati yachita nkhungu.

Pa zakuda ndi zoyera ndapita ndi yakuda yosanyezimira. Ndikudziwa kuti ena amati ndi chisankho cha waulesi, poti aliyense amachita zomwezo. Koma aliyense amachita zomwezo pa chifukwa. Kamzere kakuda kopyapyala kamauza diso pamene mat yathera ndi pamene khoma layambira, basi, sikanenanso china. Zithunzi zanga zambiri zili ndi mithunzi yakuya, ndipo felemu yakuda imagwirizana ndi mithunziyo osalimbana nayo. Pa zamitundu zinali zosiyana. Zitatu zonse zili ndi thambo lotuwa ndi madzi, ndipo yakuda inazitsekera m'khola, zinaoneka zolemera. Yasiliva yozizira inazisiya zipume. Ndiye pakhoma pakhala mitundu iwiri, ndipo sindikuona vuto, bola magulu awiriwo asasakanizike pa mzere umodzi.

Kachinthu kamodzi kokhumudwitsa ndi yakuda yosanyezimira: imasunga zidindo za zala. Pomanga ndidzavala magolovesi a thonje.

Lachiwiri

Lero ndi la zazikulu zitatu zija, ndipo funso lake ndi la kulemera.

Galasi la mamilimita 2 limalemera makilogalamu 5 pa sikweya mita. Pa felemu yaing'ono ya 50 x 65 ndi kilogalamu imodzi ndi theka kupitirira pang'ono, palibe chodetsa nkhawa. Pa 80 x 110 ndi makilogalamu 4.4, ndipo galasi lopyapyala lotambalala chonchi limagwedera mukalinyamula, kusweka sikuchedwa. Likasweka mkati mwa felemu, choyamba kuchekeka ndi chithunzi. Acrylic, pulasitiki yoonekera ngati galasi, ya mamilimita 3 pa muyeso womwewo ikungopitirira makilogalamu 3 pang'ono, ndipo sisweka wamba. Zazikulu zatenga acrylic.

Komatu acrylic ili ndi makhalidwe ake. Imakandika mosavuta, imakoka fumbi ikakhuzidwa ndi nsalu youma, ndipo imakula ndi kutentha kuposa zonse zozungulira. Kutentha kukakwera ndi madigiri 20, acrylic ya masentimita 110 imatalika ndi milimita imodzi ndi theka, pamene ndodo ya aluminiyamu yofanana nayo imatalika ndi theka la milimita lokha. Ikasowa kothawira imafufuma pakati, kaya kulowera kunja kaya kulowera kuchithunzi. Komanso pa ukulu umenewu imawerama yokha pang'ono, ndiye mat ya 8-ply ikufunikanso kuno.

Chimene chandipangitsa kutenga ndodo yakuya si mpata wokha ayi. Katundu yense wa mkati amakhalira pa ndodo yapansi, ndipo ndodo yopyapyala ya masentimita 110 imagonja pakati. Ikagonja, galasi limatsika nayo, ndipo pamwamba mphepete mwa galasi mumayamba kusuzumira kunja kwa mlomo. Kulimba kwa ndodo kumachokera ku kuya ndi kukhuthala kwa makoma ake, osati ku kukula kwa nkhope, ndiye nkhope ikhoza kukhalabe yopyapyala. Ndinaganizako zoika nkhope yotambalala kuti zioneke zamphamvu, koma nditayerekeza ndinaona kuti ikudya chithunzi. Nkhope ya mamilimita 10 ndi mpata wa 25 zakwana. Mbali yakuya ija ikapachikidwa imapatsanso chithunzi thupi, chimatuluka pakhoma m'malo mongomatirira. Kumbuyo ndidzamanga kachitsulo kopyapyala pakati, kolumikiza ndodo yapamwamba ndi yapansi, kuti yapansiyo ikhale ndi pogwira.

Mpata wa 25 ndi waukulu kuposa zolowamo, zimene zikufika 13. Wotsalawo sindidzaudzaza ndi masipuling'i okha. Ndiwonjezera foam board yachiwiri.

Lachisanu

Kudula. Ndinaganiza zodula ndekha, koma ndasiya. Kona ya madigiri 45 pa aluminiyamu imafuna sowo ya mano olimba opangidwira zitsulo zofewa, ndodo yomangidwa zolimba kuti isasunthe, ndi phula lopaka kumano kuti aluminiyamu asamatirire. Kuphonya ndi theka la digiri kumaoneka, chifukwa pakona pamakumana madulidwe awiri ndipo kuphonyako kumaphatikizana. Pa thabwa mukhoza kutseka kampata ndi phala la utuchi, pa chitsulo palibe chobisira. Ogulitsa ndodo amadula okha ndi makina opangidwira zimenezi, ndipo ndawasiyira.

Chofunika ndi kumvana nawo pa muyeso. Muyeso wa felemu yachitsulo umawerengedwa mkati mwa mpata, osati kunja kwa nkhope kapena pa malo oonekera. Odula ambiri amawonjezera okha mamilimita 3 pa muyeso wa galasi kuti zamkati zikhale ndi popumira. Ngati inu mwawonjezera kale, iwo n'kuwonjezeranso, mpata ufika 6, ndipo apa ndi pamene nambala ya mlomo ija ikugwira ntchito. Zamkati zimakhalira pansi, ndiye mpata wonse umathawira pamwamba. Mlomo wa mamilimita 5 kuchotsa 3 kutsala 2, galasi lagwidwabe. Kuchotsa 6, galasi lili panja. Ndawalembera momveka kuti miyeso ndawapatsayo ndi ya galasi lenileni, kuwonjezera achite iwo, kamodzi.

Lachitatu

Ndodo zafika ndipo ndamanga felemu imodzi yaing'ono yoyesera, kuti ndione dongosolo lonse ndisanakhudze zinazo.

Choyamba chinali kuyeretsa, kutali ndi tebulo la zithunzi. M'ngalande mumatsalira tizinyenyeswa ta aluminiyamu tochokera ku sowo, ndipo kamodzi kokha kakalowa pakati pa galasi ndi mat kamakanda kapena kumangokhala pamenepo kukunyodolani mpaka mutamasulanso. Ndapukuta ndi burashi, ndachotsa timinga ta pamalo odulidwa, kenako ndayerekeza ndodo ziwiriziwiri msana ndi msana kuti ndione ngati zoyang'anizana zikufanana kutalika. Zikufanana.

Pa ndodo zakuda pali kanzeru kamene omanga mafelemu amakadziwa. Pamene sowo yadutsa pamaoneka siliva wowala, ndipo ngakhale kona itakumana bwino chotani, kamzere kowala kamatha kuonekera. Ndadetsa mphepete mwa malo odulidwawo ndi cholembera chakuda chosafufutika ndisanalumikize. Kamzere kaja kazimiririka.

Kona iliyonse ili ndi tizitsulo tiwiri topindika ngati L, kena kosalala, kena ka masikuluwu. Tonse timalowa m'kangalande ka kumbuyo, ndipo mukamanga sikuluwu timakankhana n'kugwira makoma a ngalandeyo. Chinsinsi chake ndi kusamangitsa mbali imodzi msanga. Mumamanga pang'ono uku, pang'ono uko, chala chili pankhope kumva ngati ndodo ziwirizo zili pa mulingo umodzi. Chala chimamva kusiyana kumene diso siliona. Ndalumikiza mbali zitatu, yachinayi n'kuisiya yotsegula.

Chithunzi sindinachimate ndi guluu. Chagwidwa ndi timatumba ta m'makona tomatidwa pa katoni yakumbuyo, moti pepala likhoza kufufuma ndi kubwerera momwe nyengo ikusinthira. Katoni, mat ndi timatumbato ndasankha zimene zinapambana mayeso a Photographic Activity Test, a ISO 18916, amene amaona ngati chinthu chingawononge chithunzi chikakhala nacho pafupi nthawi yaitali. Mawu akuti chinthu chilibe asidi paokha sakwanira pa zithunzi za siliva, monga zakuda ndi zoyerazi.

Pali chofooka chimodzi cha mafelemu achitsulo chimene okonda aluminiyamu sakonda kuchitchula. Felemu yathabwa mumaimata pepala kumbuyo konse, fumbi ndi tizilombo osalowa. Yachitsulo kumbuyo kwake n'kotsegula, ndipo m'mphepete muli njira. Ndiye ndisanalowetse, ndamanga galasi, mat, katoni ndi foam board pamodzi ndi tepi kuzungulira mphepete monse, kuti zikhale chinthu chimodzi chotsekeka. Tepiyo yakwera pagalasi mamilimita 2 okha kuti ibisale kuseri kwa mlomo. Ndi ntchito yotopetsa ndipo ikudya nthawi kuposa kumanga felemu yeniyeniyo, koma ndichita pa zonse.

Zitalowa ndi kutseka mbali yachinayi, ndinafika pa masipuling'i. Amabwera ambiri m'paketi ndipo mtima umafuna kuwagwiritsa onse. Ndaika awiri mbali iliyonse, nditayamba ndawaphwatalitsa pang'ono ndi zala kuti mphamvu ichepe. Ntchito yawo ndi kuletsa zamkati kugwedera, osati kuzifinya. Akapanikiza kwambiri, mat imakanikiza mphepete mwa chithunzi, pepala limasowa kothawira likafufuma, ndipo mafunde aja amakwera pakati. Powachotsa nkhope yanu izikhala kumbali, chifukwa amadumpha.

Zopachikira zalowa m'ngalande za m'mbali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba, ndipo waya ndamusiya wolendewera ndithu. Waya wokungika amaoneka waudongo koma amakoka ndodo za m'mbali kulowera mkati. Akapendekeka madigiri 30 kuchokera pa mzere wogona, mphamvu yokoka mbali iliyonse imafanana ndi kulemera kwa felemu yonse. Akakhala pa madigiri 10 imayandikira kuwirikiza katatu. Pa zazing'ono waya wolendewera akwanira. Zazikulu sizikhala ndi waya n'komwe, chilichonse chidzakhala pa misomali iwiri, chopachikira chilichonse pa msomali wake. Kumakona apansi ndamata timphira kuti chitsulo chisakande khoma komanso mpweya uzidutsa kumbuyo.

Lamlungu

Felemu yoyesera ili pakhoma, ndipo ndodo ndakhutira nayo. Makona atsekeka, nkhope ya mamilimita 8 sikulimbana ndi chithunzi, ndipo pepala silinakhudze galasi.

Chimene chatulukira ndi galasi. Lawamba limabweza pafupifupi 8 peresenti ya kuwala kolifikira, ndipo pa chithunzi cha mithunzi yakuya zimenezi n'zokwanira kuti munthu aziona nkhope yake ndi zenera la kumbuyo kwake m'malo moona zimene ndinajambula. Galasi lokutidwa mankhwala oletsa kunyezimira limabweza pafupifupi 1 peresenti, ndipo kukhuthala kwake sikusiyana kwenikweni, ndiye ndodo sizisintha. Lija lochita mbuu pamwamba sindilifuna, chifukwa likatalikirana ndi chithunzi, monga zikhalira kuseri kwa mat ya 8-ply, limachifewetsa n'kubisa timizere tating'ono. Ndaitanitsa chidutswa chimodzi cha lokutidwalo pa muyeso wa 50 x 65 kuti ndiyerekeze pa chithunzi chakuda kwambiri. Likapambana, lilowa pa za mithunzi yakuya zokhazo, zowala zikhala ndi lawamba.

Mat za zing'onozing'ono zonse zadulidwa. Za zazikulu zikudikira acrylic, chifukwa ndikufuna ndiyeze acrylic yeniyeniyo ndisanadule china chilichonse. Ikafika ndimanga imodzi yokha, ndiipachika, ndipo ndidzaika rula yaitali pansi pa ndodo yapansi kuona ngati yagonja ndisanamange ziwiri zotsalazo.